A Mbaula ndi Makina Akufa

Amayi a kutchalitchi kwathu kuno ku Pretoria West andituma kuti ndilembe mbiri ya malemu Zakeyu Kamwendo, poti chaka chakwana chimwalirire. Andichenjeza kuti ndilembe zabwino zokhazokha, chifukwa akufuna kukawerenga pamaso pa abusa. Ndawauza kuti akafuna zabwino zokhazokha, mbiriyo ikwana kuseri kwa tikiti ya basi. Ine Layisoni sukulu ndidalekezera Sitandade 4, ntchito yanga n'kuthirira maluwa a azungu ku Irene, koma bodza la pamaliro ndimalidziwa likamabwera. Munthu ameneyu sindimunamizira kufatsa. Amayi inu, mukafika poipa mudzatsokomole n'kudumpha.

Dzina loti Zakeyu ambiri adalimva pamaliro. Tonse tinkati a Mbaula: wamfupi, wakuda bii, ndipo ukawayandikira mosasamala umapsa. Adali a ku Ntcheu. Adafika ku Joni tsitsi lili lonse, nakalamba akuwotcherera mageti ndi zitsulo zam'mazenera kuseri kwa wekishopu ya Mbunu wina. Maso awo adali ofiira chaka chonse chifukwa cha moto wa ntchitoyo, moti ana ankathawa akawapatsa moni.

Ine ndi iwo tidadziwana ndi chibakera. Tinkasewera bawo, ine n'kungonena kuti munthu wa zala zoperewera asamawerenge nkhomo, poti chala chimodzi adachisiya m'gulayinda, makina odulira zitsulo. Ndidadzidzimuka ndili chagada, dzino langa lili m'dzenje la bawo pamodzi ndi nkhomo. M'mawa mwake adakwera takisi mpaka ku Irene atanyamula buledi wofewa ndi mkaka, nakhala pa udzu wa abwana anga kundiyang'anira ndikudya. Pepani sadanene. Mawu amenewo m'kamwa mwawo mudalibe. Kuyambira pamenepo ine ndinkati Achimwene, iwo ankati iwe wothirira maluwa.

Ankakonda kunena kuti chinthu chilichonse chikafa chimafera polumikizira, ukapeza polumikizirapo wachidzutsa. Ankatinso chitsulo sichimva kupempha, chimamva moto ndi nyundo. Anthu nawonso ankawayesa zitsulo, ndipo choipa chake n'choti nthawi zambiri zinkawayendera.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankamuyesa chitsulo: akazi awo, Anabanda. Anabanda ndi wamtali, wosalankhulalankhula, moyo wawo wonse akhala akusita zovala m'nyumba za ku Irene. Akuti atangokwatirana a Mbaula adakweza dzanja kamodzi, Anabanda n'kulilandira ndi simbi yamakala. Chipsera chake tinkachiona pamkono, chooneka ngati mapu. Kuyambira pamenepo, ndewu ikafika pachimake, Anabanda ankangoti chapansipansi, “Zakeyu,” munthu uja n'kusiya khosi la mnzake ngati waligwira molakwitsa.

Ndiye khansa idalowa m'bere lamanzere la Anabanda. Kuchipatala chachikulu cha boma adalichotsa berelo, n'kuwapatsa mankhwala a m'dilipi amene adathothola tsitsi lonse. Atatha zimenezo dokotala adanena mawu aatali a Chingerezi. Amayi Nachisale a kutchalitchi, amene ankawaperekeza chifukwa chodziwa Chingerezi, adamasulira monga timanenera tonse: “Akuti chatsala n'kuwotcha. Pali makina owotchera, akawotcha pamalopo matendawo sabwerera.”

A Mbaula adagwedeza mutu mokondwa. Kwa nthawi yoyamba chipatala chidalankhula chinenero chawo.

Koma kuwotchako sikudachitike. Akapita, bwerani mwezi wamawa. Mwezi wamawa, mzere ndi wautali. Kenaka, makina afa. Kenaka, wokonza sadafike. Kenaka, chitsulo chake chikuchokera kutsidya kwa nyanja. Mvula idagwa n'kutha, mitengo ya m'misewu idachita maluwa n'kuyoyoka, Anabanda akungopita n'kubwerera. Pachipsera paja padayamba kutuluka timibulu ngati nandolo, timibuluto tidakula n'kuphulika, ndipo m'chipinda chawo mudayamba fungo limene sindilifotokoza pamaso pa abusa.

Apa ndiye mumve zimene munthu wa ndewu amachita akapeza mdani wopanda khosi.

Bala lija ankalitsuka okha. Amayi a kutchalitchi adadzipereka, iwo adakana. Koma manja awo adali ngati khungwa la mtengo, akangokhudza Anabanda ankadzidzimuka. Tsiku lina ndidawapeza atakhala pakhomo akukhula zikhatho zawo ndi sanipepa, kenaka n'kuzinyika m'madzi ofunda, n'kupaka mafuta a ana. Ndidatsegula pakamwa kuti ndiseke. Adandiyang'ana. Ndidatseka, mano otsala ndimawakonda.

Nsalu zomangira balalo ankazichapa pampopi wa pabwalo, pakati pa amayi a nyumba zoyandikana, dzuwa likuswa mtengo. Mkulu wina wa ku Zomba, wogwira ntchito m'fakitale, adadutsa n'kunena kuti eish, a Mbaula adyetsedwa, mawa tiwaona atavala chitenje. A Mbaula adamugwira pankhongo n'kumiza mutu wake m'ndowa ya nsalu zamagazi ija. Adamugwira momwemo mpaka thovu lidayamba kuchepa. Amayi akukuwa, miyendo ya munthu ikupalasa simenti. Atamuvuula adamufunsa modekha ngati wamva fungo lake, n'kumuuza kuti mkazi wawo amagona nalo limenelo tsiku lililonse osadandaula. Mkuluyo adasanza, ndipo adasamuka sabata yomweyo.

Dalaivala wa takisi amene ankadumphitsa galimoto pazitunda zam'misewu, Anabanda akubuula kumbuyo, adamupotokola khutu kuchokera kumpando wakumbuyo mpaka lidang'ambika m'munsi. Madalaivala anzake adawakwapula ndi zikoti pasiteji, msana wonse mizeremizere. Madzulo ake adaphika phala n'kuwamwetsa akazi awo ali chiimire, poti kukhala sikunkatheka.

Padabweranso mneneri wina wa ku Sunnyside, wa suti yoyera ndi nsapato zosongoka, atatumidwa ndi achibale. Adathira mafuta ake pabalapo n'kuyamba kukanikiza ndi chala chachikulu, akufuula kuti tuluka, tuluka. Anabanda adakuwa kukuwa kumene ine sindidakumvepo. A Mbaula adagwira chalacho n'kuchipindira kumene chala sichipita. Chidalira ngati nkhuni. Kenaka adamutsina mphuno n'kumumwetsa botolo lonse la mafuta, akuti ngati ndi oyera akayeretse m'mimba mwake. Ndikumva kuti adayeretsadi, m'takisi, asanafike ku Sunnyside.

Koma masiku ena padalibe womenya. Mankhwala oletsa ululu akatha mphamvu nthawi yomwanso isanakwane, Anabanda ankaluma pilo kuti amuna awo asamve. Iwo ankamva. Ankatuluka, n'kutenga nyundo, n'kuyamba kumenya chidutswa cha njanji chimene chidali pabwalo, osapanga kanthu, kungomenya, mpaka manja aja adawafewetsa ndi sanipepa adang'ambikanso. Kenaka ankasamba, n'kulowa, n'kufunsa ngati mayi akufuna tiyi.

Tsopano ndifike pa tsiku limene aliyense amalifotokoza molakwika.

Lidali tsiku langa lopuma. M'mawa ndidamva kugogoda. Kutsegula, a Mbaula avala ovolosi, pamwamba jekete la kutchalitchi, nsapato zopolishidwa. Kumbuyo kwawo ngolo ya m'sitolo ija yokankha, m'menemo makina awo owotcherera, chigoba chakumaso, ndodo zowotcherera, gulayinda ndi nyundo.

“Tiye,” adatero. “Ukankhe.”

“Kuti, Achimwene?”

“Kuchipatala. Akuti makina owotchera afa. Ine ndakhala ndikuwotcherera iwe usanadziwe kuti duwa limamwa madzi. Ndikawadzutsa.”

“Achimwene, kuwotcha kwa kuchipatala si kuwotcherera kwanu ayi.”

“Udawaonapo makinawo?”

“Ayi.”

“Nachisale adawaonapo?”

“Sindikudziwa.”

“Ndiye ukulankhula chiyani? Chowotcha chili ndi waya, chili ndi pogwirira, chili ndi polumikizira. Anthu a masuti akudikira chitsulo cha kunja chifukwa saona kuti ndi kawaya kamodzi kadaduka. Kankha, iwe wothirira maluwa.”

Musandiseke. Nanenso ndikukankha ngolo ija m'mphepete mwa msewu, mtima wina unkati mwina akunena zoona. Tonsefe mawu tidali nawo amodzi, kuwotcha, ndipo palibe adatiuzapo kuti kulinso moto wopanda lawi.

Pageti lalikulu tidadutsa ngati mabwana. Munthu wa ovolosi wokankha zida palibe amamufunsa. Tidayenda m'makonde ataliatali mpaka tidafika kwa odwala khansa, kumene anthu amakhala pamipando yolumikizana, amayi a mipango kumutu, abambo owonda ngati ndodo, onse kuyang'ana chitseko chimodzi chachikulu chokhala ndi chizindikiro chachikasu chonga fani.

Sisita wamkulu wa pamenepo, mayi wa Chipedi wonenepa, wa maso otopa, adatiimitsa. Ankawadziwa.

“Baba Kamwendo, lero si tsiku lanu. Zimenezi n'zachiyani?”

A Mbaula adavula chipewa n'kuyesa Chingerezi chawo chothyokathyoka. “Sisita, ayi fikisi mashini. Mahala.”

Sisitayo sadaseke, ndimamulemekeza mpaka lero. Adawafotokozera pang'onopang'ono kuti m'makinamo mulibe moto, muli kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo chimene chidafa si chitsulo chowotcherera. A Mbaula sadamve, kapena sadafune kumva. Adachita chinthu chimene sindidawaonepo akuchita ngakhale m'tchalitchi. Adagwada. Pasimenti, pamaso pa anthu onse, jekete likukhudza pansi.

“Ndingoona basi, Sisita. Ndikalephera ndichoka. Mayi akuwola ali moyo.”

Nthawi imeneyo magadi adali atafika. Mmodzi, wamapewa ngati kabati, adaseka n'kunena kuti makwerekwere awa, dzina limene amatinyozera nalo ife obwera, tsopano abwera ndi zinyalala kudzaphunzitsa madokotala. Adati futseki madala, n'kumenya ngolo ija ndi jombo. Idagwa chammbali. Ndodo zowotcherera zidamwazika khonde lonse, zikulira ngati mvula pamalata.

A Mbaula adadzuka pang'onopang'ono. Adatola nyundo. Khonde lonse lidapuma mpweya umodzi. Adatembenuka n'kundipatsa ine.

“Gwira iyi,” adatero. “Ndingaphe munthu.”

Kenaka adalowa ndi mutu. Mphuno ya gadi uja idaphwanyika ngati phwetekere, magazi mpaka pakhoma. Wachiwiri adabwera ndi chibonga, a Mbaula adalandira ndi chigoba chowotcherera chija, galasi lake n'kusweka, n'kumubwezera nacho pachibwano. Wachitatu adawagwira kumbuyo, iwo adapotoloka n'kumuluma khutu, osalisiya. Munthu wa imvi, wamfupi ngati mtondo, akuzungulira pakati pa anyamata amisinkhu ya ana ake. Ndipo odwala aja, amene miyezi yonseyi ankangoti zikomo Sisita, tibweranso Sisita, adadzuka. Mayi wina wopanda tsitsi adaimirira pampando akululuta. Nkhalamba ina idakoka chitsulo chopachikira dilipi n'kumenya nacho gadi pamsana, dilipi ili pamkono. Ena ankamenya mipando ndi zikhatho ngati kubwalo la mpira. Ine ndidakumbatira nyundo ngati khanda, ndikufuula kuti Achimwene basi, koma mawu anga si a Anabanda.

Magadi adachuluka. Adawagwetsa, ndipo munthu akagwa jombo sizifunsa zaka. Ndidamva nthiti zikulira ngati mapesi ouma. Ankawaponda m'mimba, m'chifuwa, kumaso, iwo akuyesabe kugwira mwendo wa wina. Adaleka pokhapokha Sisita uja atadzigwetsa pamwamba pawo ndi thupi lake lonse, akutukwana m'Chipedi mawu amene anamwino saphunzira kusukulu.

Nkhani ya apolisi adaizimitsa ndi Sisita yemweyo, sindikudziwa adalankhula bwanji. Adawasoka pachikope, adawapukuta kumaso. Kenaka adawagwira dzanja nati, “Bwerani, Baba. Muone.”

Adatsegula chitseko chija. Ine ndidatsatira. Tidakhota kakhonde, n'kulowa m'chipinda chozizira. Pakati padaima chinthu choyera, chachikulu ngati lole, chosalala ngati dzira, chili ndi mutu wowerama pamwamba pa kabedi kopapatiza. A Mbaula adachizungulira atapindika, dzanja limodzi panthiti, linalo likupapasa. Adapapasa m'mbali, adasuzumira pansi, adagogoda ndi chala. Magazi a m'mphuno ankadontha pansi poyerapo. Adazunguliranso kachiwiri. Kenaka adaima n'kundiyang'ana ndi diso limodzi lomwe lidali lotseguka.

“Layisoni,” adatero, ndipo aka kadali koyamba kunditchula dzina, “chilibe polumikizira.”

Titafika kunyumba, Anabanda adadzuka pabedi movutikira n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

“Zakeyu, mwakonza?”

“Ayi, mayi.”

“Ndiye khalani apa.” Adatenga beseni lawo lomwe lija la bala, n'kuyamba kuwapukuta magazi m'ndevu ndi dzanja limodzi limene linkagwira ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo a Mbaula sadamenyenso munthu. Musaganize kuti adatembenuka mtima, amayi inu, musawerenge choncho. Adangosowa pomenya. Nthiti adazimanga ndi chitenje chakale, kuchipatala adakana kukadzionetsa, akuti m'nyumba mwawo wodwala ndi mmodzi ndipo malowo ali ndi mwini. Ankaperekezabe Anabanda tsiku lililonse loitanidwa, n'kubwerera nawo osawotchedwa, n'kuwabereka kumsana kuchokera pamsewu mpaka pakhomo, akupuma ngati pampu yoboola. Chisanu chitafika adayamba kutsokomola, kenaka kutsokomola magazi, akumabisa m'thumba la ovolosi. M'mawa wina amayi adawapeza pampopi atagwada, mutu uli pamphepete mwa ndowa, nsalu ili m'manja yofinyidwa theka. Madzi ankangotayika.

Tidakonza zoti thupi lipite kumudzi m'kalavani ya basi Loweruka. Lachinayi foni ya Anabanda idalira. Adali Sisita uja. Makina adzuka. Muyamba Lolemba, tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, ndipo mukaphonya malo anu apita kwa wina, mudzayambiranso kumapeto kwa mzere.

Madzulo ake m'chipinda muja mudadzaza abambo. Wotsogolera adali Jemusi, mwana wa mlongo wawo wa malemu, munthu wamkulu kale wa ndevu zake, foni ili m'manja, akuluakulu a ku Ntcheu akulankhulira momwemo. Akuti mkazi amaperekeza mwamuna wake. Akuti amakhala kumutu kwa bokosi, amalira anthu akumuona, amadikira tsiku lometa. Akuti mkazi wotsala ku Joni maliro akupita, kumudzi adzati adamudya ndi iyeyo. Anabanda adangokhala pabedi, maso pansi. Jemusi adakoka chikwama pansi pa bedi n'kuyamba kuponyamo zitenje, kenaka adawagwira Anabanda pamkono, wamanzere womwewo, kuti adzuke.

Mbama ya Anabanda imene idalira pamenepo a Mbaula akadaimva akadanyadira. Foni idagwera kukhomo, akuluakulu akulankhulabe. Anabanda adaimirira, adavula mpango, mutu uli mbee ngati chikho.

“Kumeta?” adatero. “Chipatala chidandimeta kale.”

Kenaka, pamaso pa abambo tonsefe, pamaso pa mwana wa mlamu wawo, adamasula bulauzi n'kuchotsa nsalu ija. Amene adali asanaone adaona.

“Yang'ana, Jemusi. Usayang'ane kudenga, yang'ana kuno. Malume ako adathyoka nthiti chifukwa cha ichi. Adafera pampopi chifukwa cha ichi. Lolemba limeneli adalilipira ndi chifuwa chawo. Ukufuna ndikaliponye m'manda pamodzi nawo? Tola foniyo, uwauze zimene waona.”

Mkulu wina adatuluka atagwira pakamwa. Jemusi adatola foni, adaiyang'ana, n'kuithimitsa.

Loweruka bokosi lidakwezedwa m'kalavani pakati pa mafiriji ndi njinga za anthu opita kumudzi. Anabanda adaima pageti atagwirira chitsulo, sadalire mokweza, basi mpaka idakhota. Achibale ena a ku Ntcheu mpaka lero sawalankhula.

Lolemba ndidawaperekeza ndine. Adalowa, ine ndidatsala panja ndikununkhiza ngati ndimva fungo la kupsa. Sipadapite nthawi, adatuluka akumanga mpango.

“Alamu,” adatero, “mulibe moto. Sichitentha n'komwe. Chimangolira pang'ono ngati njuchi.” Adakhala pansi, ndipo apo ndi pamene adalira maliro a amuna awo, khonde lonse likumva.

Bala lidauma, fungo lidatha. Madokotala akuti kuwotchako kudachedwa, matenda adali atayenda kale kwina, koma Anabanda alipo, amadya, amanyoza kuphika kwanga, ndipo amapitabe kukaonedwa. Ndimawaperekeza.

Khonde lija limadzaza kusanache bwino. Anthu amaima motsamira makoma, ena amakhala pansi pa zitenje, ena pamasitepe. Koma Anabanda akakhala, mpando wa kudzanja lawo lamanja, pamene a Mbaula ankakhala, umatsala. Ndi mpando wabuluu, wong'aluka pang'ono kumsana, wofanana ndi inzake yonse. Amene adaona ndewu ija ambiri kulibe, ena adachira, ambiri adapita, koma nkhani amasiyirana ngati mmene amasiyirana malo pamzere. Mlendo akafuna kukhalapo, wina amamukodola n'kumunong'oneza, m'Chizulu, m'Chipedi, m'Chishona, kuti pali munthu pamenepo. Mlendoyo amayang'ana mpando wopanda kanthu, amayang'ana mayi wamtali wa mpango wakuda, n'kubwerera kukhoma. Inenso ndimaima, ndi maondo angawa. Anabanda sayang'ana mpandowo. Amangoikapo dzanja, chikhatho chili m'mwamba, mpaka atawaitana dzina.